Laisensi ndi yanga, koma anayeza mkono wa abambo a Tadala

Maola awiri ndi theka m'sitolo ya mfuti, ine mwini laisensi atandikhazika pakona ngati ndaperekeza wodwala. Ndinabwerako chimanjamanja. Abale anga a pagulu pano, ndiloleni ndidandauleko. Ndikulemba uku ndikuseka, chifukwa Mulungu anandipatsa mtima wosachedwa kupola, koma nkhaniyi ndi yowawa ndithu.

Amene simukundidziwa, ndine mayi a Tadala wa ku Brampton, uja mumaoda kwa iye nkhuku zachikuda. Ife timachita lendi besimenti, zipinda za pansi pa nyumba ya eni, ndiye nkhukuzo ndimawetera kufamu ya bambo wina wachizungu wokalamba, ulendo wa ola limodzi chakumpoto. Chaka chino kwabuka nkhandwe. Ikubwera masanasana, yosaopa munthu. Pa nkhuku 34 inandisiyira 21. Pakati pa zotsalazo pali msoti wofiira umene ndinapatula kuti tikapereke pa chinkhoswe cha mwana wanga Tadala, ndipo kwatsala masabata awiri. Akuchimuna tambala wawo anapeza kale. Nanga ife akuchikazi tikatulutsa chiyani nkhandwe ikatitsogolera?

Mwini famu sangathenso kuwombera, manja amanjenjemera. Ndi iyeyo anandilimbikitsa chaka chatha kuti ndichite kosi ya mfuti. Ine wa sitandade 7. Tadala ankandiwerengera buku lake n'kumamasulira, ine n'kumaloweza ngati mavesi a Sande sukulu. Mayeso a mfuti ndinakhoza, a ulenje ndinakhozanso, Ambuye alemekezeke. Abambo a Tadala anakana kulembetsa, ati iwo ndi mkulu wa mpingo. Koma tinene zoona, baluni ikaphulika pa phwando la ana amadzidzimuka mpaka magalasi kugwa.

Mfuti imene ndinkafuna ndinkaidziwa bwinobwino. Imodzi, ya mipope iwiri. Wapamwamba wa chipolopolo chimodzi chofika patali, umenewo wa nkhandwe. Wapansi wa timachaka tomwazika, wa mbalame, nkhwali zakuno zija nyengo yake ikakwana. Ikhale yaifupi ndi yopepuka, poti ine ndine wamfupi, ndipo phewa langa linatopa kale ndi kudzutsa okalamba kuntchito. Lachitatu ndinaimba foni kusitolo. Anati yotero ilipo imodzi, ndibwere Loweruka 10:30. Ndinasinthana shifiti ndi mnzanga.

Tinafika 10:15. Abambo anavala jekete lawo la mawangamawanga ngati la asilikali, lapakaunjika, limene anagulira kuzizira basi. Ine chitenje ndi mpango. Iwo patsogolo, ine pambuyo, monga tinaleredwera.

Pakauntala panali bambo wandevu. Anawerenga dzina la banja lathu pakompyuta, n'kuwagwira chanza abambo mwamphamvu. Ine anandilozera mpando wapakona, pafupi ndi majombo, ati madamu apumeko, izi zimatenga nthawi. Apa kulakwa kwanga ndikuvomera: ndinakhaladi. Kwathu ku Dedza mkazi sadumpha mwamuna wake pamaso pa mlendo. Ndinkati abambo apereke kaye moni, anene kuti mwini nkhani ndi uyu, ine ndiimirire mwaulemu.

Sananene. Wandevu uja atangowatchula kuti mlenje wamkulu, ndinaona chifuwa chikutukumuka m'jekete muja.

Mfuti yanga ndinkaiona pakhoma, yachitatu kuchokera kumanzere, kaifupi kooneka bwino. Wandevu anaidumpha. Anatsitsa chimfuti chachitali ngati nsungwi yothyolera mango, ati mwamuna wa thupi ngati lawo sangagwire kachidole. Anatenga tepi n'kuyeza mkono wa abambo kuyambira pachigongono mpaka kuchala. Mkono wodzawombera uli phee pakona, utagwira chikwama.

Itakwana 11:10 ndinapita kukawanong'oneza kuti tikufuna yaifupi ija. Abambo anatembenuza m'Chingerezi kuti akuti iyi yatalika. Munthuyo anaseka, ati awauze madamu asade nkhawa, sadzainyamula ndi iwo. Kenako anandibweretsera zotseka m'makutu kuti ndiziona podikira. Zapinki. Kodi nkhandwe imaopa pinki?

Atatero anayamba kuwanyengerera kuti agule mfuti ziwiri, ina ya mbalame, ina ya nkhandwe, ati za mipope iwirizi n'zachikale. Ndiye popita kukhola ndi ndowa ya chakudya cha nkhuku, ziwirizo ndizibereka kumsana ngati mapasa? Abambo ankangoti mmm, mmm, ngati akumva ulaliki. Atamufotokozera za msoti wa chinkhoswe, iye anafunsa ngati sitidziwa kuti nkhuku zimagulitsidwa m'mafiriji zososolasosola kale. Tangoganizani ankhoswe atavala masuti, akupatsana nkhuku youma gwa ndi ayezi m'pepala la pulasitiki.

Chimene chinandipweteka kwambiri chinachitika 11:50. Analowa kasitomala wina, n'kulandiridwa ndi wogulitsa wina. Anafunsidwa laisensi pomwepo, anaonetsa, n'kuloza mfuti yanga. Ndinaimirira. Ndinayang'ana abambo, ali kalikiliki kuloza denga ndi nsungwi ija, diso limodzi atatsinzina. Ndinakhalanso pansi n'kupemphera chamumtima kuti munthuyo asaikonde. Anaikonda. Mphindi makumi awiri, anatuluka nayo m'bokosi, n'kundimwetulira podutsa.

12:20 tinafika polipira. Apa m'pamene wandevu anakumbukira kufunsa laisensi. Abambo anasisita matumba onse a jekete, ndipo ndi ambiri matumbawo, n'kutulutsa laisensi ya galimoto. Ine ndinatsegula chikwama, ndinatulutsa buku la nyimbo, pakati pake ndi pamene ndimasunga khadi langa. Ndinaliika pakauntala ndi manja awiri. M'Chingerezi changa chothyokathyokacho ndinati:

"Bambo, mlenje ndine. Awa ndi ondiyendetsa."

Anayang'ana khadi, anayang'ana ine, anayang'ananso khadi. Makutu anafiira. Ndiye ati bwanji sindinanene poyamba. Ndinamufunsa kuti kodi iye anandifunsa? Foni anaimba ndi munthu wamayi, pakompyuta mpolemba, koma maso ake anangoona jekete. Maola awiri wagwiritsa mfuti munthu wopanda pepala, osafunsa kanthu. Malamulo aja ndinaloweza movutikira aja, iye sanawawerenge?

Kunabwera manijala, mayi waulemu kwambiri, Mulungu amudalitse. Anapepesa, anatenga tepi yomwe ija n'kuyeza mkono wanga, n'kunena kuti yaifupi ija ndiyo inali yanga yeniyeni. Analonjeza kuti aitanitsa ina kusitolo yawo ina, ifika Lachinayi. Tinatuluka 12:45.

Tinakwera galimoto n'kulowa mumsewu waukulu. Kenako abambo anatsokomola.

"Amayi a Tadala, jeketeli ndi limene linandinamiza."

Ndinaseka mpaka misozi, nkhani inathera pomwepo. Ndi munthu wabwino, zaka 29 sanandikwezerepo mawu. Lamulungu titaweruka kutchalitchi anapita okha kufamu, anapeza nkhandwe yatenganso ziwiri. Sanadikire. Anagwira msoti uja, n'kuuika m'katoni, n'kubwera nawo kunyumba.

Ndiye pano ndikulemba, msoti uli m'besimenti muno, pambali pa makina ochapira. Eni nyumba amakhala pamwamba pathupa, ndipo anatiuza tsiku lolowa kuti ngakhale mphaka safuna. Ngati kuti mavuto achepa, msotiwo wayamba kuikira. Ikamakwana 7 koloko m'mawa umatetera kuti dziko lonse limve. Ukangoyamba, ine ndimayambitsa nyimbo yachitamando mokweza, abambo n'kulowa ndi besi, Tadala n'kumawomba m'manja. Dzulo mayi wapamwambayo anandiimitsa pakhomo, ati banja lathu ndi lopemphera zedi, koma m'modzi wa ife mawu ake akumveka ngati ali ndi chifuwa. Ndinati zikomo, timupempherera. Ambuye andikhululukire.

Lachinayi linali dzulo. Ndinaimba 2 koloko, ati galimoto yonyamula katundu sinafike. Lero ndaimba 9 koloko, wayankha ndi wandevu yemwe uja. Nditatchula dzina, mukudziwa chimene wafunsa? Ati kodi abambo alipo, alankhule nawo.

Inu a sitolo, dzina lanu sinditchula, ndinaphunzitsidwa kusachititsa munthu manyazi pagulu. Koma ndiyankheni. Mfuti yanga ili kuti? Chifukwa chiyani munagulitsa chinthu chimene munandiuza kuti ndibwere ndidzaone, ine ndili pomwepo? Ndipo ndevu zija mudzaziphunzitsa liti kufunsa kuti wogula ndi ndani? Nkhuku 18 zili kufamu zikudikira nkhandwe, ya 19 ili pano ikufuna kutithamangitsitsa nyumba, ndipo nyimbo zimene ndimadziwa pamtima zatsala pang'ono kutha.

Amayi anzanga amene muli ndi mapepala anu, kaya a mfuti, kaya a galimoto, kaya a chiyani, tulutsani khadi mukadali pakhomo. Ulemu wa abambo mukaupitiriza m'galimoto, suthawa.

Mfuti ikapanda kufika Lolemba, ndibwera ndi katoni yanga 10:15. Msoti ndidzaukhazika pampando wapakona uja, pafupi ndi majombo, muusunge inuyo mpaka tsiku la chinkhoswe. Ukayamba kutetera, zotseka m'makutu muli nazo kale. Zapinki zija.