Tsiku limene Abiti Saidi anadzapepesa maliro a Papa

Ndikakumbukira Abiti Saidi, ndimamva fungo la lubani losakanikirana ndi la anyezi wokazinga, limene linkatulukira pansi pa chitseko chawo n'kudzaza khonde lonse la nyumba yosanja imene tinkakhala ku Al Rigga, kudziko la Aluya. Anali mayi wachikulire wa ku Mangochi, Msilamu, wogwira ntchito zam'nyumba kwa Aluya, ndipo pakamwa pawo sipankazizira. Amayi akapita kuchipatala kumene ankagwira unamwino, ine ndinkaswera kwa iwowo, tikusenda adyo ndi kupinda zovala.

Zinasokonekera tsiku limene amayi anandipeza nditafunda mpango kumutu, ndikugwada pamkeka kutsanzira swala. Eee, mawu amene anatuluka tsiku lija! Amayi, Mkatolika wosasiyana ndi kolona, anati Abiti Saidi akufuna kuwabera mwana. "Khalas, zatha basi, usadzapondenso kumeneko!" Kwa miyezi itatu awiriwo ankakumana mu lifiti ngati sadziwana, ndipo ine Abiti Saidi ndinkawasowa koopsa.

Kenako Papa, mtsogoleri wa Akatolika, anamwalira. Mwambo wa maliro unali Lachisanu masana, ndipo tikuonera pa TV tinamva kugogoda. Abiti Saidi! Anavula nsapato, anailambalala sofa, n'kukhala pansi chotambalala monga amakhalira amayi pasiwa kumudzi.

"Pepani, amake Tadala," anatero. "Bambo anu atisiya, osatuma ngakhale mwana kudzanena? Ife tizimvera kwa Afilipino?"

Wodzapepesa sapirikitsidwa, komanso sungamusiye pansi iwe uli pampando. Amayi anatsika n'kukhala nawo.

Ine maso anali pa TV. Ndinkaona mashehe a nduwira, Ayuda a tizipewa tating'ono, ndi atsogoleri a mayiko amene amayi ankati sapatsana moni, atakhala pabwalo limodzi, ena mpaka kugwirana chanza. Ndinafunsa ngati onsewo alowa Chikatolika.

"Iwe, alowe chifukwa chiyani?" anayankha Abiti Saidi. "Abwera kudzakhala nawo basi. Taona uyo, nkhope ngati wamwa kwinini, koma wakhala."

Azana, kuitanira anthu ku swala, atamveka kumzikiti wa kuseri, Abiti Saidi anapempha poswalira. Amayi anadzuka n'kutulutsa chitenje chawo cha kumpingo. Ataona kuti pali zithunzi za oyera, anachibweza n'kutenga nsalu yopanda chithunzi.

"Tadala, kawayalire agogo ako kuchipinda."

Agogo ako! Ndinathamanga mpaka kudzigunda pachitseko.

Patapita zaka, Abiti Saidi anakamwalirira kwawo, ndipo amayi anakwera ndege kukakhala pasiwa pawo, mpango uli kumutu. Ine pano ndimakhala ndekha ku Al Qusais, dera lina la mzinda womwewo, ndipo oyandikana nawo sindiwadziwa ndi mayina omwe. Koma pa maliro a Papa wina posachedwapa ndinangopezeka ndakankhira sofa kukhoma, ndafukiza lubani, ndakhala pansi. Chitseko ndinachisiya chosakhoma.