Mawu a Bambo Akana Kulowa mu Fulashi

Usiku watha ndinalota bambo anga akulankhula, anzanga, akulankhula bwinobwino ngati kale. Amene mumandidziwa mukudziwa kuti chiwagwireni sitiroko chaka chatha, mawu awo anathawa. Amamva zonse, amaseka, koma lilime linakana. Ndiye tangoganizani, awa anali kalipentala wolongolola kuposa wailesi. Kasitomala wobwera kudzatenga mpando m'mawa ankachoka dzuwa lili paliwombo, mpandowo ataiwala.

Musanamve malotowo, ndikuuzeni chimene chandisowetsa mtendere sabata ino. Ndili ndi vidiyo imodzi yokha ya bambo ali bwino. Ndinawajambula akupala thabwa kuseri kwa nyumba, uku akusimba momwe anafunsirira malemu mayi athu. Ndi maola atatu athunthu, paja bambo kufupikitsa nkhani sankakudziwa. Vidiyoyo ili mu laputopu yanga yakale, imene masiku ano ikumazima yokha ndiponso ikumalira tche-tche-tche mkati. Ndinayesa kuikopera mu fulashi, inakana. Akuti fayilo yakula kwambiri, chonsecho malo alimo ambirimbiri. Ndinayesa disiki imene achemwali anga a Esinta anandisungitsa pobwerera ku Joni, laputopu inati siikuidziwa, ndiyambe ndaifomata. Kufomata ndiko kufufuta zonse, ndipo mmenemo muli zithunzi za ukwati wawo. A Gondwe, amene amatikonzera makompyuta kuntchito, anandiuza pafoni kuti fulashi yanga ndi ya FAT32, silandira fayilo imodzi yopitirira magigabaiti anayi, pomwe disiki ya achemwali inakonzedwera makompyuta aja a chithunzi cha apozi wolumidwa. Ine ndinkangoti "eee, eee" ngati ndikumva. Ndinagona zonsezi zili m'mutu.

Ndiye m'malotomo unali usana, tili panyumba yathu yakale ya ku Kawale. Nyumbayo inkadyedwa ndi chiswe, ndipo chiswecho chinkalira tche-tche-tche. Bambo anatuluka atasenza kabati yaikulu pamutu, dzanja limodzi lili m'thumba, pensulo ili kukhutu. Kabatiyo inkalankhula ndi mawu awo, ikusimba za mayi, iwonso mwini wake akulankhula zawo pansi pake, moti ankachita kulimbirana. Sindinadabwe ngakhale pang'ono. Ndinkangodziwa kuti kabatiyi iyenera kusamuka nyumba isanagwe.

Kenako tinapezeka pa nyumba ina yabuluu, yopanda mawindo, yofanana ndendende ndi fulashi yanga. Nditasuzumira mkati ndinaona kuti ndi yotakata ngati tchalitchi, koma khomo lake linali laling'ono la khola la nkhuku. Pakhomopo panaima a Gondwe atavala yunifolomu ya kwaya, tepi ili m'manja. Anayeza kabati mbali zonse, nkupukusa mutu.

"Pano timalandira zinayi basi, mayi. Iyi yapitirira. Muidule pakati, ilowe zidutswa ziwiri."

Nditayang'ana m'manja mwanga, munali sowo. Ndinaiika kale pathabwa pamene bambo anandikuwira ali pansi pa kabati pomwepo.

"Iwe Tadala! Ukadula pamenepo udula pamene mayi ako akuvomera. Ukufuna ndikhale mbeta mpaka kalekale?"

Ndinaseka mpaka sowo inagwa. Anzanga, kunyoza kwa bambo ndinakusowa. Ndinkafuna andikalipirenso, andinene kuti ndili ndi manja aphala monga ankanenera ndili mwana, bola ndimve mawuwo.

Ndiye tinadumpha ngalande imodzi, basi tili ku Joni, pa nyumba ya achemwali. Khomo lake linali lalikulu loti lole nkulowa, koma kiyi wanga sankalowa pa loko. Ndikamutembenuza uku akukana, uku akukana. Pawindo ndinkaona ukwati wa achemwali ukadali mkati, iwo ali mu diresi loyera, alamu akutuluka thukuta mu suti, azakhali akuvina kuposa mkwatibwi monga anachitira tsiku lenilenilo. Ndinagogoda, anthu ankandiyankha m'chinenero chimene sindinkamva. Kenako chitseko chenichenicho chinandifunsa mwaulemu kwambiri kuti kodi ndikufuna kusesa onse amene ali mkatimo kuti ndilowe. Pansi pake panali mabatani awiri, lina Inde, lina Ayi, ndipo m'manja mwanga munali tsache.

Ndisakunamizeni, dzanja linapita lokha ku Inde. Bambo anandigwira pamkono, ndi dzanja lamanja lomwe lija masiku ano limangogona pamiyendo pawo. Linali lamphamvu, lokhakhala, lonunkhira utuchi wa mlombwa.

"Za mwini sasesa, mwana wanga. Ukapulumutse ine pophera mkulu wako ukwati?"

Ndinachita manyazi kwambiri, chifukwa Lachitatu lapitali, ndili maso, chala changa chinaimadi pa batani limeneli kwa nthawi ndithu, ndikudziuza kuti achemwali mwina ali nazo zina.

Kenako tinali pa nyumba yabuluu paja. Bambo anatula kabati, nkuchotsa pensulo kukhutu, nkuyenda mozungulira khomo akuliyang'ana ndi diso limodzi monga ankachitira ndi thabwa lopindika. A Gondwe anayamba kufotokoza za magigabaiti, bambo anawadula.

"Achimwene, kabati ilibe mlandu. Nyumbanso ilibe mlandu. Wopanga felemu ya khomoli ndi amene anali ndi mtima waung'ono. Tichotse felemu, koma tiyambe tatulutsa katundu."

Ndiye tinayamba kututa zonse zimene zinali m'nyumba yabuluuyo. Munali masatifiketi anga, makalata ofunsira ntchito amene sanayankhidwe, nyimbo za kwaya, ndi zithunzi za mwana wanga Chisomo kuyambira ali wakhanda, chilichonse chikuphethira maso. Tinakaziunjika pakhonde la aneba. Ine ndinati zatha, bambo anandibweza kawiri kuti ndikasuzumire ngakhale kuseri kwa chitseko. Ndinapezako kachithunzi ka Chisomo alibe mano akutsogolo, katakhala phee pakona.

Atatsimikiza, anamenya hamala kamodzi kokha. Felemu inagwa, nyumba yonse inayera mbee, yopanda kanthu, moti ndinachita mantha nkugwira malaya awo. Iwo anali akuimba mluzu. Posakhalitsa panaima khomo latsopano lalikulu, ndipo a Gondwe anakwera pampando nkulemba pamwamba pake ndi choko kuti exFAT. Anati khomo limeneli limalandira katundu wamkulu, ndipo a ku Kawale ndi a ku Joni omwe amatha kulowerapo. Atatero anayambitsa nyimbo, koma panalibe woyankha.

Tinayamba kukankha kabati. Apa ndi pamene ndinaona kuti yatalika, mutu wake uli pa khomo latsopano koma kumapeto kwake kukadali m'nyumba ya chiswe ija, imene tsopano denga lake linali litayamba kugwa. Pansi panali mzere wobiriwira umene unkayenda pang'onopang'ono tikamakankha. Tikapuma, nawonso unkaima.

Bambo ankakankha akusimba. Anafika paja anakakonza chitseko kwa makolo a mayi, nkusiya dala hinjesi imodzi yosamanga bwino kuti adzaitanidwenso, mpaka katatu konse, kufikira agogo aamuna anawafunsa kuti, "Kodi mnyamata iwe, chavuta ndi chitseko kapena mwana wanga?" Nkhaniyi ndaimva kambirimbiri, kale ndinkachita kuthawira kukhitchini ikayamba. M'malotomo ndinkaimva ngati yatsopano, ndikukankha ndi phewa, misozi ikutsika, ndikupempha mumtima kuti asafulumire kuimaliza. Ndimawakonda bambo anga, anzanga, ndipo sindikudziwa ngati ndinawauzapo nthawi imene akanatha kundiyankha.

Kabati inalowa, inalowa, mpaka kunja kunangotsala kachigawo kotalika ngati chikhatho. Mzere wobiriwira unatsala pang'ono kugunda khoma. Pamenepo nyumba yakale inalira tche-tche-tche mokweza, dzuwa linayamba kuphethira ngati magetsi akufuna kuzima, ndipo mawu a m'kabati anayamba kudukaduka. Bambo anasiya kukankha, nkukhala pansi, dzanja lamanja lili pamiyendo.

"Kwatsalaku ukankhe wekha, ine ndatopa."

"Ababa, dzukani, kwatsala pang'ono!"

Anandiyang'ana akumwetulira, nkukoka mpweya, nkundiitana mokweza monga ankachitira ndikachedwa kosewera: "Tadalaaa!"

Ndinadzidzimuka nditayankha kale kuti "Wawa!" Kunja kunali kutayera, ndipo khoma linkalira go-go-go. Anali bambo akugogoda ndi ndodo kuchipinda kwawo, ndimo mmene amandiitanira masiku ano. Ndinathamanga osavala nsapato. Ankangofuna ndiwatsegulire katani.

Ndinakhala m'mphepete mwa bedi nkuwasimbira zonse. Pa nkhani ya sowo anaseka mpaka kutsokomola, nkundiloza ndi chala cha kumanzere, kundichenjeza. Pa nkhani ya tsache anandiyang'ana nthawi yaitali, ine nkuyang'ana pansi. Nditafika pomaliza anatsegula pakamwa, milomo inayesa, inayesanso, koma panangotuluka mpweya. Anandisisita pamutu.

A Gondwe ndawaimbira. Aseka za yunifolomu, koma akuti bambo akhoza: tisamutse za mu fulashi, tiifomate ikhale exFAT, kenako tikopere vidiyo, disiki ya achemwali tisaikhudze. Abwera masana ano. Chimene sakulonjeza n'chakuti laputopu ipirira mpaka kumapeto, akuti disiki ya mkati mwake ikayamba kulira chonchi, kuyatsa kulikonse kungakhale komaliza. Laputopuyo ili patebulo apa, ndaifunditsa chitenje, sindinaiyatse.

Ndiye inu odziwa kumasulira maloto, ndithandizeni. Kukhala pansi kwa bambo kuja kukutanthauza chiyani? Nanga bwanji anandisiyira ine kachigawo komaliza? Wonena kuti ndinangodya kwambiri madzulo asavutike kulemba. Koma ngati alipo amene amaona patali, andiuze chimodzi chokha a Gondwe asanafike: kabati ija inalowa yonse?