Manda Amene Mapu Sankawadziwa

Inu amene mukuti zanu zinada, mverani za Vernetta Gadsden. Ine sindiyamikira munthu wamba, anthu andinamiza kokwanira. Koma uyu ndimutchula.

Mayi ake anamwalira iye ali ndi zaka khumi ndi zisanu. Mayeso analephera kawiri. Zaka zisanu ndi chimodzi anakhala akugulitsa mtedza wophika m'mbali mwa msewu wopita ku Charleston, magalimoto akumuthira fumbi.

Mvula ikagwa ankakausa ku laibulale. Kumeneko anayamba kuphunzira kujambula mapu pa kompyuta, mpaka anabwerera kusukulu. Kenako anamulemba ntchito ku ofesi imene imagamula podutsa msewu ndi pomanga nyumba. Tebulo lake analiika pafupi ndi chimbudzi.

Tsiku lina anaona mapu a nyumba mazana awiri zoti zimangidwe kumtsinje. Pamalopo analembapo kuti tchire. Si tchire ayi, ndi manda athu. Mayi ake agona momwemo, mkazi wanga Odile nayenso. Ife sitiika miyala yolemba maina. Timaika zigoba za m'nyanja ndi mbale imene malemu anadyeramo komaliza, titaiswa. Kamera ya m'ndege siingaone mbale pansi pa masamba.

"Chimene sichili pa mapu kulibe," anatero bwana wake Vernetta atamuuza za mandawo. "Mathirakitala alowa mwezi wamawa."

Vernetta anandipeza pakhonde.

"Amalume Hosea, kandilozereni manda onse, ndiwaike pa mapu."

"Choka apa, wamtedza iwe! Anthu a mapu anabwera nthawi ya bambo anga, munda unapita. Anabweranso, doko linapita. Lero akutuma mwana wathu yemwe?"

"Chabwino, khalani pomwepo, thirakitala ikawadzutse azakhali anga a Odile. Mukawafotokozera nokha. Pakamwa pawo paja mukupadziwa."

Ndinamuthamangitsa. Anabweranso m'mawa mwake. Anabweranso. Tsiku lachinayi ndinavala nsapato.

Masabata atatu tinayenda m'mandamo, udzudzu ukutidya. Ine ndikaloza ndi ndodo, iye amaima pomwepo, n'kudina foni yake, n'kulemba dzina. Pamene ine ndinaiwala, ankakafunsa nkhalamba zina za kutchalitchi. Anzake kuofesi ankamuseka kuti wasanduka mlonda wa mizimu.

Pamsonkhano wa akuluakulu a za malo anaonetsa mapu ake pakhoma. Pamene panali pobiriwira pokhapokha panatuluka timadontho tofiira 143. Akakhudza kadontho, dzina limaoneka. Mayi wina kumbuyo anakuwa, "Agogo anga amenewo!" Winanso anakuwa. Holo yonse inayamba kuitana akufa ake.

Vernetta sanalekere pomwepo. Anawaonetsanso munda wakale wa thonje kumtunda, wouma, wosasefukira madzi, wokwana nyumba zonsezo. Akuluakulu aja ananong'onezana pang'ono, n'kukweza manja. Nyumba zinasamukira kumtunda, msewu unakhota.

Ndinatuluka panja n'kukhala pamasitepe. Kwa mwezi wathunthu ndinalibe mtendere. Tsikulo ndinapuma bwino.

Maofesi sindiwakhulupirirabe, ndipo sindidzayamba pa ukalamba uno. Koma lero palibe mapu amene amatuluka m'menemo Vernetta asanawaone, ndipo Odile akugona osasokonezedwa.

Ndiye inu amene mwagwa, dzukani mukaphunzire kanthu, ngakhale akusekeni. Chimene manja anu adziwe chaka chino chikhoza kudzatchinjiriza anthu anu onse, amoyo ndi akufa omwe. Osataya mtima.