Tizipewa Tisanu Tamakwinya

Ine ndine mtengwa. Kwathu ndi ku Nathenje, koma ukwati unanditengera kumudzi kwa amuna anga kuseri kwa Mitundu, komwe khomo la nyumba yathu linapenyana ndi khomo la apongozi anga aakazi. Mtengwa satuluka chisawawa. Ukafuna kukaona amayi ako odwala miyendo, uyambe wauza amuna ako, iwo akauze amayi awo, ndipo yankho limakhala lomwelomwelo chaka chonse: tikaokera fodya, tikathyola fodya, tikamanga mabelo. Ntchito ya fodya siitha, anthuni.

Chimene chinanditsegulira njira ndi vinyo wa chidede. Ndinkaviika chidede chouma m'madzi owira, kuthira shuga ndi yisiti, kusiya m'zigubu milungu ingapo, kenako kusefa n'kuthira m'mabotolo obiriwira aja otola m'tauni. Mayi wina wa ku Nathenje, wokongoletsa pa maukwati ndi zinkhoswe, atalawa ananena kuti ndiziwabweretsera mwezi ndi mwezi. Ulendo wa malonda apongozi sakanauletsa, pakuti sopo ndi mchere wa nyumba ziwiri zonse zinkachokera momwemo. Ndiye kamodzi pamwezi ndinkakwera kabaza wa njinga yamoto, kireti kumbuyo, kukatula mabotolo, n'kukagona kwa amayi anga. Ndinkawachapira, kuwawenga zikhadabo, kuwathowa miyendo. Tsiku limodzi limenelo ndi limene linkandipiriritsa masiku ena onsewo.

Amuna anga si nkhalwe ayi, koma pakhosi pawo pamayabwa. Mowa unatifikitsapo kwa ankhoswe, ndipo amuna angawo analumbira pamaso pa onse kuti basi, aleka. Tsiku lomwelo apongozi anandilozera chala. "Inu amayi a kuno, tsiku limene ndidzamve kuti mwana wanga walawa za m'zigubu zanuzo, zigubuzo zidzatuluka pamudzi pano dzuwa lisanalowe." Wolumbira anali wina, koma chigamulo chinagwera ine.

Sipanathe miyezi itatu, mayi wa ku Nathenje uja anandiuza kuti botolo limodzi linapezeka lili madzi okhaokha, kafungo ka chidede kakungomvekera patali. Ndinadziwa nthawi yomweyo. Munthu amene watsegula, n'kumwa, n'kudzaza ndi madzi a pamjigo ndinkagona naye pamphasa imodzi. Koma pakamwa panga panatuluka zina.

"Mwina ndi atsikana anu a kusitolo, mayi. Ana a masiku ano ndi a manja ataliatali."

Mayiwo sanatsutse. Anatsegula kabati n'kutulutsa mpukutu wa tizipewa ta pulasitiki tofiira, tolowetsana ngati makapu. "Izi ndagula m'tauni. Mukatseka botolo, muziliveka kachipewa aka, n'kukatenthetsa mpaka kagwire khosi. Palibe angatsegule osakang'amba. Kakang'ambika, mlandu ndi wa atsikana anga. Koma kakafika kali bwinobwino, m'kati muli madzi, ndiye kuti ndi inuyo, ndipo tidzasiyana pomwepo."

Ndinavomera msangamsanga. Mumtima ndinkati ndapeza loko wotsekera amuna anga popanda kukangana nawo.

Koma kuveka tizipewato kunandivuta. Poyamba ndinasenza kireti kupita ku saluni ya pa Mitundu kuti tigwiritse ntchito chowumitsira tsitsi. Chinkagwira ndithu, koma pang'onopang'ono, ndipo tili pa botolo lachinayi magetsi anathima. Ndinakhala pabenchi mpaka masana, amayi opotedwa tsitsi akundifunsa kuti amuna anga akupirira bwanji kugona ndi mowa m'nyumba. Ine mtima wanga ndi wapachala. Ndinanyamula kireti yanga ndisanatukwane munthu, ndipo sindinabwererekonso.

Kenako ndinayesa nthunzi ya ketulo. Umagwira botolo pakamwa pa ketulo n'kumalitembenuza, koma mbali imodzi imafulumira kugwira, inayo n'kutsala ngati chilundu chomasuka, zala nazo zikupsa. Ndinayesanso kuyandikitsa pa mbaula. Apo ndiye ayi. Moto wa makala umakwinyitsa kachipewa, mbali ina n'kuda, pena kuboola kumene.

Njira imene inandikomera ndinaipeza ndekha. Ndinkawiritsa madzi mumphika wakuya mpaka kubwata. Ndinapinda waya ngati mbedza yogwirira kachipewa pamwamba kuti kasagwe. Ndikazondotsa botolo, ndinkaviika khosi lokha, kuwerenga mumtima kufika katatu, n'kuvuula. Kachipewa kankatuluka kosalala, kogwira khosi ngati kanabadwira pomwepo. Mayi wa ku Nathenje ankati akamayendetsa chala pakhosi pa botolo amadziwa kuti ili ndi dzanja langa, chifukwa ngakhale a m'tauni sasalaza chotero. Ndinkanyada nazo, ndisaname. Miyezi inadutsa popanda dandaulo, ndipo chitini cha tizipewa ndinkangochisiya pamwamba pa kabati, poyera.

Kenaka kunabwera oda ya chinkhoswe cha mwana wa mchemwali wawo wa mayiwo, mabotolo odzaza kireti. Ndinathira vinyo yense amene anali atapsa, kuveka tizipewa, kuimika mabotolo kuchipinda. Mawa lake kunagwa maliro kumudzi woyandikana nawo, ndipo ine ndi apongozi tinakakhala komweko masiku awiri monga mwa mwambo. Amuna anga anati abwerera msanga kukayang'anira fodya m'chigafa.

M'mawa wa tsiku la ulendo ndinatulutsa mabotolo kuti ndiwapukute. Asanu anali ndi tizipewa tamakwinya, takuda mbali imodzi, kamodzi kobooka pang'ono. Ntchito ya mbaula. Munthu wamkulu ndi ndevu zake anang'amba tizipewa tanga, kumwa, kudzaza madzi, kukwera pampando kutenga chitini, n'kukhala pansi kuwotcha tizipewa tatsopano pamakala, akuganiza kuti sindiona. Chimene chinandipweteka kwambiri si kuba ayi, koma kundiyesa wakhungu. Amuna angawo ndikanawapeza pafupi sindikudziwa chimene ndikanachita, koma iwo anali atalawirira kudimba.

Ndili chigwirire botolo limodzi, chithunzithunzi chinatseka khomo la khitchini. Anali apongozi, lichero la mtedza m'manja.

"Nanga ili lakwinyika bwanji chonchi? Si mumati dzanja lanu ndi losalaza?"

Apa ndi pamene ndinaona kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndikanena zoona, zigubu zituluka lero lomwe, ndipo njira ya ku Nathenje itsekeka. Komanso alangizi anandiuza tsiku la ukwati kuti za m'nyumba sizituluka pakhomo, mkazi amafunditsa mwamuna wake. Mawu amenewo amalowa m'mafupa, ngakhale mwa munthu wolongolola ngati ine.

"Ndinafulumira, amayi. Madzi anali asanawire bwino."

"Ndiye konzani. Musakatichititse manyazi pa chinkhoswe cha eni ake."

Anakhala pansi pakhomo pomwepo n'kuyamba kusenda mtedza wawo. Sanasunthe. Ndinasonkha moto, kutereka mphika, kudula tizipewa tamakwinya tija ndi lezala, n'kutimanga pamfundo ya chitenje changa kuti asationetsetse. Kenako ndinaveka tatsopano. Kuzondotsa, kuviika, kuwerenga katatu, kuvuula. Kasanu. Dzanja silidziwa kunama, linasalaza monga mwa masiku onse. Mumtima ndinkati palibe kanthu, asanuwa ndiwaika pakona pa kireti, ndikafika panjira ndiwataya, ndikanena kuti asweka.

Wakabaza analiza hutala panja. Ndinathamangira kuchipinda kukasintha bulauzi ndi kutenga thumba la ufa wa amayi anga. Potuluka ndinapeza apongozi atandithandiza. Mabotolo onse anali atawalongedza m'kireti, atafwatika udzu pakati, akumanga ndi chingwe.

"Mumachedwa inu. Kwerani, dzuwa lakwera."

Titadutsa mlatho woyamba ndinamuimitsa wakabaza, ndati ndikufuna kumanga bwino katundu. Ndinatulutsa mabotolo limodzilimodzi n'kumawayang'anitsa kudzuwa. Galasi lobiriwira lija silionetsa kanthu. Tizipewa tonse tosalala, tofanana ngati mazira a nkhuku imodzi. Kuti ndidziwe, ndikanayenera kutsegula onse, ndipo chitini ndinali nditachisiya kunyumba. Ndinaima pamsewu paja fumbi likundiwaza, wakabaza akuyang'ana foni yake. Kenako ndinabweza mabotolo m'kireti, tinapitirira.

Ndinatula katundu, mayi wa ku Nathenje uja anayendetsa chala pakhosi pa botolo limodzi n'kumwetulira. Ndinakagona kwa amayi anga. Ndinawathowa miyendo nthawi yaitali kuposa masiku onse, mpaka anandifunsa ngati kunyumba kuli bwino. Ndinati kuli bwino.

Chinkhoswe chitadutsa, foni inalira. Mayiwo anati ndipite, osatenga vinyo. Apongozi ndinawauza kuti ndikukatenga mabotolo opanda kanthu.

Mayiwo ndinawapeza ali okha m'sitolo, atsikana atawatuma dala. Sanakweze mawu, ndipo ndikanakonda akanandilalatira. Anati botolo loyamba la madzi linatsegulidwa pa tebulo la akuchimuna, amalume a mkwati n'kufunsa mokweza ngati kuno alendo amawalandira ndi madzi otsukira chidede. Kenaka anaika patebulo tizipewa tisanu todulidwa bwino ndi mpeni.

"Ndinadula ndekha, ndipo tonse tinali tosang'ambika. Mayi, ndinu munthu wamkulu, sindikufuna kukunamizirani. Ngati pali china, nenani. Dzanja ili ndi la ndani?"

Chitenje chimene ndinavala chinali chomwe chija. Sindinachisankhe mwangozi. Pamfundo pake panali tizipewa tisanu tamakwinya, takuda mbali imodzi, ndipo dzanja langa linali pomwepo, likufinya mfundoyo. Ndikanangomasula n'kutiyala pambali pa tinzake, mayiwo akanamvetsa osafunsa zambiri, chifukwa nawonso ndi mkazi wapabanja. Koma wakabaza wathu amadyera pa sitolo yomweyo, ndipo nkhani ya pa Nathenje imafika ku Mitundu munthu usanafike. M'maganizo ndinaona zigubu zanga zili pabwalo, ankhoswe atakhala pamipando, amuna anga ataweramitsa mutu, mudzi wonse ukunena kuti mtengwa wavula mwamuna wake pamsika.

"Ndi langa," ndinatero.

Anagwedeza mutu, n'kusesera tizipewato m'dzanja. "Ndiye mwamva kale zimene ndinanena."

Zigubu sizinatulutsidwe ndi munthu. Zili kuseri kwa nkhokwe, apongozi amasungiramo madzi. Iwo amati zinachita bwino, mkazi woyendayenda phala lake limapsa ndi moto wa eni. Amuna anga sanafunsepo chifukwa chimene ndinalekera, ndipo ine sindinawafunsepo za mbaula. Timadya m'mbale imodzi.

Mwezi watha mlongo wanga anaimba kuti miyendo ya amayi yatupa kufika m'mawondo, akhala akundifunsa. Ndinauza amuna anga, iwo anakauza amayi awo. Yankho linabwera madzulo, kuti ndidzapita tikamanga mabelo. Ndinalowa kuchipinda, ndinatsitsa chitini chija pamwamba pa kabati. Tizipewa tatsopano tikadalimo tambiri, ndipo pansi pake pali tisanu tamakwinya. Ndinatiyala pamphasa, ndinatiyang'ana, kenako ndinatibwezera n'kutseka, chifukwa apongozi anali akuitana kuti nkhuni zatha.