Adalaivala ndi Buddha wa Kwawo

Chaka cha korona ndinali mlonda pa nyumba ina ya maofesi ku Al Mirqab, kudziko lakunja kumene ndinapita kukagwira ntchito. Maofesi onse anali otseka, koma ife tinkapitabe kukalondera mipando yopanda anthu. Basi ya kampani inkatitenga ku Al Asmakh m'mawa uliwonse. Adalaivala ake anali bambo achikulire a mtundu wa Chipashituni, a ndevu zofiiritsa, ochokera kumapiri a ku Pakistan.

Tsiku lina anzanga atatsika, adalaivalawo anandipempha kuti ndiziwaphunzitsa Chingerezi, poti chawo chinkathera pa "same same". Nditafunsa kuti akuchifuniranji pa msinkhu umenewo, anandionetsa chithunzi pa foni. Linali thanthwe lalitali, ndipo pamenepo panasemedwa munthu wokhala chopinda miyendo, maso otsinzina, tsaya limodzi logumuka. M'munsi mwake munali minda ya mapichesi ndi katauni ka msewu umodzi.

Anati ameneyo ndi Buddha, anamusema anthu amene ankakhala m'chigwacho Chisilamu chisanafike. Bambo awo akhala akusesa pamenepo kuyambira unyamata wawo popanda wowatuma, kuzula udzu m'ming'alu, kupirikitsa mbuzi. Tsayalo analiphwanya anthu amfuti nthawi ya nkhondo, bambowo n'kutola zidutswa zake kukazibisa m'thumba la ufa. Tsopano anali atakalamba, maso akuchita chidima, ndipo adalaivala ankafuna kubwerera kuti azikalandira alendo odzaona thanthwelo.

Ndinadabwa, poti munthuyu sankaphonya swala, mapemphero a Chisilamu. Ndinawafunsa kuti, "Nanga inu Asilamu ndi fano mumagwirizana bwanji?"

Anayamba apukuta chiwongolero, kenako anati, "Sitilipembedza. Tinalipeza pomwepo eni ake atapita. Kwathu munthu akakusiyira chinthu, sufunsa kumene amapemphera."

Tinkaphunzira masana pa buleki yanga, basi itaima pamthunzi, ine ndili pampando wachitatu chifukwa cha lamulo lotalikirana. Ndinkadzisandutsa mlendo wa ku Japan n'kumafunsa zovuta dala. Akakodwa ankavula chipewa n'kukanda mutu, kenako n'kunditsanulira tiyi wa m'fulasiki ngati wolakwa ndine.

Atamva kuti malamulo asintha, kuti munthu atha kusiya ntchito n'kupita kwawo osadikira chilolezo cha bwana, anabwera ndi pepala kuti ndiwalembere notisi. Ndinalemba mtima usakufuna. Ndege zinachedwa kuyamba kuyenda, koma bambo awo anakawapeza ali moyo.

Patapita miyezi ingapo ananditumizira vidiyo. Alendo anali asanayambe kufika, ndiye anakokera kuthanthweko aphunzitsi awiri a m'tauni momwemo. Adalaivala anali ataima chilili, malaya ositasita, akufotokoza zonse mwadongosolo monga tinkachitira m'basi muja. Pambali nkhalamba ija, bambo awo, inakhala pamwala ikugwedeza mutu ngati ikumva. Ndinaionera katatu ndili pageti, ndikuseka ndekha, chifukwa Chingerezi chawocho chinkamveka ngati cha munthu wa kwathu ku Dedza.