Bulauzi Yoyera ya a Nambewe

Nkhani iyi sindinaiuzepo munthu kwa zaka zoposa makumi asanu. Mkazi wanga anamwalira osaidziwa, ana anga saidziwa, ndipo pano ndi pamene ndikuilemba.

Ndikakumbukira a Nambewe, ndimamva fungo la simbi ya makala ikudutsa pa nsalu yonyowa. Lachitatu lililonse masana ankayala bulangete pa katebulo pakhonde, n'kupemerera makala mpaka atafiira, n'kuyamba kusita bulauzi yoyera ndi duku la amayi a chigwirizano, kukonzekera mapemphero a Lachinayi. Kautsi kankatuluka m'timabowo ta simbiyo, madzi owaza pansalu ankalira kuti tswii, ndipo nkhuku zinkazungulira miyendo ya tebulo kusakasaka m'makoko a nshawa. Nyumba yawo inayang'anana ndi yathu ku Chiparamba. Anali mayi wamasiye. Amuna awo anali kalaliki ku boma, ndipo anawasiyira mwana mmodzi, Esinati, ndi bokosi lachitsulo lodzaza mabuku.

Ine ndinaweta ng'ombe mpaka zaka khumi ndi ziwiri. Ndi a Nambewe amene anapita kwa atate n'kuwauza maso ndi maso kuti, "A Banda, mwanayu ali ndi mutu, ndipo inu mukuuwotcha ndi dzuwa kubusa. Ng'ombe sizidzakuwerengerani kalata." Motero ndinalowa sukulu ya mishoni, n'kukhala benchi limodzi ndi tiana tondilekeza m'chiuno, amene ankanditcha Amalume. Masana ndinkathawira pakhonde paja, iwo akusita kapena kuswa nshawa, ine ndikuwerenga mokweza, iwo akundikonza osayang'ana n'komwe pa tsambalo.

M'bokosi muja munali buku lina lakale la Chinyanja, chikuto chake chitasokedwanso ndi ulusi wakuda. Linkasimba za mkazi wotchedwa Ndaziona, amene mwamuna wake anapita ku migodi zaka zisanu ndi ziwiri osalemba kalata. Chaka cha njala, Ndaziona anagulitsa ng'ombe ya mwamunayo n'kugulira ana chimanga. Abale a mwamuna anamunamizira kuti ng'ombe anaipereka kwa chibwenzi, anamuthamangitsa pamudzi, ndipo anakafera kwa eni. Munalinso mkulu wina, a Kamwendo, amene anamuona ndi maso ake akugula chimangacho, koma pa tsiku la mlandu anakhala chete. Amene anadzalima munda wa Ndaziona ndi a Kamwendo omwewo.

A Nambewe sankafunsa kuti nkhaniyi ikutiphunzitsa chiyani. Funso limenelo ankati ndi la aulesi. Iwo ankaimika simbi n'kunena kuti, "Yotamu, munthu wa m'buku usamuweruze ndi zimene wolemba akumunenera. Funsa kuti anali ataima pati, anaona chiyani, ndipo atatha kuona anachita chiyani."

"Koma a Kamwendo sanachite kanthu, amama," ndinatero ine.

"Werenganso. Mlandu uli mkati, wolemba akuti anali kuchita chiyani?"

Ndinabwerera masamba awiri. "Anali kusema mpini wa khasu."

"Mpini wa khasu. Mwezi wa njala, anthu atamaliza kale kupalira. Khasu limenelo akalimira munda uti?"

Ndinamva tsitsi likuimirira. Tsiku limenelo ndinadziwa kuti buku limabisa zinthu pamalo oonekera, monga mayi amabisira singano pa chilundu chimene wavala.

Nditafika zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, buku lomwelo tinaliwerenga m'kalasi. Ankatiphunzitsa ndi a Miti, mphunzitsi wamkulu, amenenso anali mkulu wa mpingo. Analemba pa bolodi kuti Ndaziona anali mkazi wopanda chipiriro, a Kamwendo anali mkulu wofatsa wokonda mtendere, ndipo phunziro ndi lakuti mkazi asagwire chuma cha mwamuna wake. Anatiuza kuti tilembe chimangirizo. Anzanga anakopera za pa bolodi. Ine ndinalemba za mpini wa khasu, ndipo ndikanalekera pomwepo bwenzi nditangolandira zikoti ziwiri basi. Koma ndinali nditatopa ndi kutchedwa Amalume, ndinafuna kuti aone kuti woweta ng'ombe nayenso amaona. Mudzi wonse unkadziwa kuti a Miti ankalima dimba la mayi wina wamasiye amene anathamangitsidwa a Mitiwo ali pabwalo osatsegula pakamwa. Ndiye ndinatsiriza ndi mawu akuti: "A Kamwendo alipo ngakhale lero, ndipo amalima dimba kuseri kwa sukulu."

Mawu amenewo anali anga ndekha. A Nambewe sanatchulepo dzina la munthu wamoyo pa khonde lija ngakhale kamodzi.

A Miti anandiitanira ku ofesi, kope langa lili patebulo. Sanakalipe. Anati, "Banda, zaka zako zinapitirira kale. Ndikangojambula mzere umodzi m'kaundula, mawa ukudzuka ndi ng'ombe. Koma ndikudziwa kuti nzeru izi si zako. Wakutuma ndani?"

Ndinaona ng'ombe zija m'maso mwanga, ndinamva kuseka kwa tiana tija. Ndinati, "Ndi a Nambewe. Ndiwo anandiuza kuti ndilembe choncho."

Loweruka lotsatira akulu a mpingo anakhala bwalo m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Amuna asanu ndi awiri pa mipando, a Miti ali pakati pawo ngati woweruza pa mlandu wake womwe, a Nambewe atakhala pa mphasa, ine nditaima pambali. Mpaka lero ndikakumbukira mipando imeneyo mtima umandiwira. Onse asanu ndi awiri ankadziwa za dimba. Panalibe mmodzi amene anafunsa ngati zolembedwazo zinali zoona. Anangofunsa kuti wanena ndani.

Mmodzi wa akuluwo anati, "A Nambewe, kodi mnyamatayu akunama?"

A Nambewe anandiyang'ana. Ankadziwa kuti akangoti inde, sukulu yanga yathera pomwepo. Anati, "Kuwerenga buku ndinamuphunzitsa ndine, ndipo sindikuchita nazo manyazi. Zotsalazo mufunseni mwini wake, ali ndi pakamwa."

Anandifunsa. Khomo linali lotseguka ndithu, a Nambewe anandisiyira dala kuti ndidutsepo ndekha. Ndinayang'ana zala za kumapazi kwanga n'kunena kuti, "Ndi momwe ndinanenera muja."

Akulu aja anawaika a Nambewe pa chilango. Osadya Mgonero, osavala bulauzi yoyera, osakhala pamodzi ndi amayi anzawo Lachinayi, mpaka atadzaima pamaso pa mpingo n'kuvomereza kuti ananyoza mkulu kudzera mwa mwana wa sukulu. Iwo anati sangalape tchimo limene sanachite, popeza kuteroko ndiye kunama m'nyumba ya Mulungu. Choncho chilango chinangokhala chilipo, chaka ndi chaka. Lamlungu ankapitabe kutchalitchi, n'kukhala pa benchi lakumbuyo pamodzi ndi ofulula mowa ndi amitala. Amayi amene iwo anawaphunzitsa kuwerenga Masalimo ankadutsa pakhomo pawo Lachinayi atayera mbee, maso ali kumbali ngati aona njoka m'tchire.

Chimene chinkandipweteka kwambiri n'chakuti sanaleke kusita. Lachitatu masana fungo lija linkafikabe kwathu. Ankasita bulauzi ija, n'kuipinda, n'kuibwezera m'bokosi.

Ine ndinayamba kuzungulira njira ya kuseri kwa khola kuti ndisadutse pakhonde pawo. Tsiku lina anandipeza pachitsime. Sanandikalipire, ndipo ndikanakonda akanandimenya ndi mtsuko. Anatulutsa buku lija m'chilundu n'kundipatsa. "Tenga, mayeso ayandikira. Uwerengenso bwinobwino, Yotamu. Ukamaliza ubwere udzandiuze kuti m'nkhanimu iwe ndiwe ndani."

Sindinapiteko. Ndinakhoza mayeso, ndinapita ku sekondale, ndipo ndili kumeneko a Nambewe anadwala chifuwa n'kumwalira chilango chisanachotsedwe. Mwambo wake mukuudziwa. Wa chigwirizano akamwalira, anzake amabwera atavala zoyera, amamuveka bulauzi yake, amaimba usana wonse mpaka kumanda. Pa maliro a a Nambewe panalibe nsalu yoyera ngakhale imodzi. Esinati anapempha akulira kuti amayi ake avekedwe bulauzi yawo, akulu anakana, akuti malamulo ndi malamulo. Pemphero lalifupi la kumanda anapereka ndi a Miti. Ine ndinalipo, nditavala yunifolomu ya sekondale, nditaima pansi pa mtengo wa msolo, ndipo ndinaona zonse.

Ndinagwira ntchito ya ukalaliki m'maofesi a mu Chipata zaka makumi atatu. Ndinaimba mu kwaya. Anandisankha ngakhale kukhala mkulu wa mpingo, ndipo ndinavomera, ine amene.

Lamlungu lapitali masana, mdzukulu wanga Taonga anakhala pakhonde akukonzekera mayeso a Chinyanja a Giredi 12. Buku lawo la chaka chino ndi lomwe lija, chikuto chokha ndiye chatsopano. Koma sankawerenga bukulo ayi. Ankaloweza kabuku ka mayankho kogula pamsika, akuimba ngati nyimbo: "Ndaziona, mkazi wopanda chipiriro. A Kamwendo, mkulu wofatsa wokonda mtendere."

Ndinamenya ndodo pansi mpaka galu anathawa. "Wokonda mtendere! Zaka zonsezi akadakulembetsani bodza lomweli? Tenga buku lenilenilo, tsegula pa mlandu, undiuze kuti munthu ameneyo m'manja mwake munali chiyani!"

"Iii agogo, mukukalipa ngati a Kamwendo anakulandani munda ndi inuyo," anatero akuseka. Koma anatsegula, anawerenga, ndipo ndinaona nkhope yake ikusintha monga inasinthira yanga. "Mpini wa khasu," anatero chapansipansi. Kenako anatenga cholembera. "Chabwino. Koma pa mayeso amafunsa chifukwa. N'chifukwa chiyani anakhala chete mpaka kumapeto? Munda anali ataupeza kale, akanatha kunena pambuyo pake."

"Chifukwa tsiku loyamba amaopa kutaya chimene akufuna," ndinatero. "Tsiku lachiwiri amaopa kufunsidwa chifukwa chake sananene dzulo. Akafika chaka chamakumi asanu, anthu akumupatsa mpando wakutsogolo, ndipo iye amadziuza kuti wolakwiridwayo anapita kale, kunena sikungamudzutse."

Taonga anasiya kulemba. "Agogo, m'buku muno mulibe zaka makumi asanu. A Kamwendo akungooneka miyezi iwiri yokha."

Ndinanyamuka. Ndinalowa m'nyumba, n'kutsegula sutikesi, n'kutulutsa buku la ulusi wakuda lija.

M'mawa mwake ndinavala jekete, ndinakwera minibasi ya ku Chiparamba buku lili m'thumba. Ndinayamba kwa abusa a kumeneko, mnyamata wamng'ono kuposa mwana wanga, ndipo ndinawapempha kuti Lamlungu likubwerali andipatse mpata woima pamaso pa mpingo wonse, ndiponso kuti afufuze kaundula wakale wa zilango, chifukwa muli dzina limene linalowamo ndi bodza langa. Kenako ndinayenda wapansi mpaka pa khonde lija. Esinati akadali moyo, tsitsi lonse mbuu, ndipo ndinamupeza akuswa nshawa pamalo pomwe pankakhala katebulo. Anandikokera mpando. Ndinaukana, n'kukhala pansi pa dothi.

"Kodi si a Yotamu awa? Kwagwanji, achimwene, kukhala pansi ndi jekete?"

Ndinaika buku pamiyendo pake. "Amayi anu anandifunsa funso pachitsime," ndinatero. "Ndabwera kudzayankha."