Mpando wanu aucheka

Bambo a Tiya, lero ndaiona galimoto yanu pa Zalewa. Paja pokagula munakana magalimoto atatu chifukwa mawondo ankagunda chiwongolero. Mutalowa mu yakalekale ija, munatambasula miyendo n'kuseka. Ine ndinkangodandaula kuti itifera pachitunda popita ku Ligowe. Munati, "Mayi a Tiya, iyi yokha ndiyo ikudziwa msinkhu wanga."

Mng'ono wanu uja anailanda tisanamete n'komwe maliro anu. Ndasuzumiramo lero. Poti ndi wamfupi, wachekesa mpando wanu n'kuuwotcherera kutsogolo. Tiya watalika ngati inu, ndipo munamulonjeza kuti idzakhala yake. Kodi ndikamuuze chiyani? Ngakhale ataibweza mawa, miyendo ya mwana wanu sikwanamonso.